Kodi woimira boma pa milandu amagwirira ntchito ndani?

Funso: Mng'ono wanga anamenyedwa ndi mnyamata wina wa m'mudzi woyandikana nafe mpaka kuthyoka mkono ndi kuguluka mano awiri. Apolisi anamanga womenyayo ndipo mlandu uli ku bwalo la majisitireti. Mabanja awiri tinakhala pansi pamaso pa anyakwawa, akwawo a mnyamatayo anapepesa ndipo analonjeza kubweza ndalama zonse zimene tinawononga kuchipatala. Koma titapita kukauza wapolisi amene akuimira boma m'khoti kuti tikufuna mlandu uthe, anakana, nati mlanduwu si wathu. Zatidabwitsa, chifukwa pa wailesi timamva mkulu woimira boma pa milandu akuthetsa milandu ya anthu akuluakulu. Kodi munthu ameneyu amagwirira ntchito ndani, ndipo cholinga chake n'chiyani? Ndine wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Pepani kwambiri ndi zimene zinamuchitikira mng'ono wanu. Wapolisi amene anakuyankhaniyo ananena zoona, ngakhale kuti zikanakhala bwino akanakhala nanu pansi n'kukufotokozerani chifukwa chake. Munthu akamenya mnzake, akaba, akagwirira kapena akapha, malamulo athu amaona kuti walakwira mbali ziwiri pa nthawi imodzi. Walakwira amene wamupwetekayo, komanso walakwira dziko lonse, popeza wasokoneza mtendere umene aliyense amadalira kuti ayende pamsewu, agone m'nyumba mwake ndi kugulitsa malonda ake mopanda mantha. N'chifukwa chake pepala la mlandu limene limawerengedwa m'khoti silinena kuti mng'ono wanu akuimba mlandu mnyamata uja, koma limati dziko la Malawi ndilo likumuimba mlandu. Mng'ono wanu ndi wodandaula komanso ndiye mboni yofunika kwambiri, koma mwini mlandu ndi dziko, ndipo woimira boma ndi munthu amene dziko lamutuma kuti akalilankhulire. Apa ndi pamene milandu yaupandu imasiyana ndi milandu ya pakati pa anthu awiri, monga ngongole, malire a munda kapena kuswa pangano, imene wodandaula angathe kuisiya tsiku lililonse akafuna.

Mphamvu za ofesiyi zimachokera m'Malamulo Oyendetsera Dziko a mu 1994. Ndime 99 imakhazikitsa udindo wa mkulu woimira boma pa milandu, amene ambiri timamudziwa kuti DPP, ndipo imamupatsa mphamvu zitatu: kuyambitsa ndi kuyendetsa mlandu waupandu pa munthu aliyense m'bwalo lililonse kupatula bwalo la asilikali, kutenga ndi kupitiriza mlandu umene wayambitsidwa ndi munthu wina kapena bungwe lina, ndiponso kuimitsa mlandu pa nthawi iliyonse khoti lisanapereke chigamulo. Mkuluyu amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, amavomerezedwa ndi komiti ya aphungu yoona za osankhidwa m'maudindo a boma, ndipo amagwira ntchito zaka 5, zimene zingathe kuwonjezeredwa. Popeza munthu mmodzi sangaime m'makhoti onse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, malamulo amamulola kugawira ena mphamvu zake. Milandu ikuluikulu imene imazengedwa ku bwalo lalikulu, monga yakupha ndi youkira boma, imayendetsedwa ndi maloya a boma a mu ofesi yake. Koma milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku ku mabwalo a majisitireti imayendetsedwa ndi apolisi ophunzitsidwa ntchitoyi, ngati amene munakumana nayeyo. Wapolisi ameneyu akaima m'khoti amakhala akugwiritsa ntchito mphamvu za DPP, ndipo pa zisankho za mlandu amayenera kutsata malangizo a ofesi imeneyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake amene analemba malamulo a 1994 anasamala kwambiri za udindo umenewu, kumbukirani kumene tikuchokera. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, milandu ikuluikulu, kuphatikizapo yakupha ndi youkira boma, inkatha kupititsidwa ku mabwalo amene ankatchedwa achikhalidwe, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya ndipo malamulo a umboni sankatsatidwa mokwanira. Malemu Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo pa nthawi imene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira, pamodzi ndi akazi awo a Vera Chirwa, anazengedwa mlandu woukira boma m'bwalo lotere ndipo anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo a Orton anamwalira mu ndende ya Zomba mu 1992. Anthu amene anaona zimenezi anadziwa kuti mphamvu yosankha amene azengedwe mlandu, mlandu wanji ndi m'bwalo liti, ndi mphamvu yoopsa kwambiri ikakhala m'manja mwa andale. Choncho ndime 101 imati mkulu woimira boma agwire ntchito yake mosalamulidwa ndi munthu aliyense kapena ofesi ina iliyonse, kupatula malangizo a mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, ndipo atsate lamulo mosapatuka.

Cholinga cha woimira boma, chimene anthu ambiri sachimvetsa, si kupambana mlandu. Loya wa munthu woimbidwa mlandu amaimira munthu mmodzi ndipo amamenyera zokomera munthuyo mkati mwa malamulo. Woimira boma ali ndi udindo wina: kuthandiza khoti kuti lifike pa choonadi, wolakwa alandire chilango choyenera, ndipo wosalakwa apite kwawo. Munthu wosalakwa akamangidwa, dziko laluza kawiri, chifukwa lazunza nzika yake pomwe wolakwa weniweni akuyendabe m'mudzi. Mfundo zimene bungwe la United Nations linavomereza ku Havana mu 1990 zokhudza ntchito ya oimira boma zimanena zomwezi, kuti asayambitse kapena kupitiriza mlandu pamene kafukufuku wosakondera akuonetsa kuti mlanduwo ulibe maziko, ndiponso kuti aganizire zonse, zokomera woganiziridwa ndi zomutsutsa zomwe.

Doketi ikafika patebulo pake kuchokera kwa apolisi ofufuza, woimira boma wabwino amadzifunsa mafunso awiri, ndipo amawafunsa motsatizana. Loyamba n'lakuti, kodi umboni ulipo wokwanira, wodalirika ndi wololedwa m'khoti, moti majisitireti kapena jaji angapeze munthuyu wolakwa popanda chikaiko chomveka? Kukayikira kokha sikukwanira, ngakhale mudzi wonse utanena kuti wakuba ndi uje. Malamulo Oyendetsera Dziko, m'ndime 42, amati munthu aliyense woimbidwa mlandu atengedwe kuti ndi wosalakwa ndipo ali ndi ufulu wokhala chete, kutanthauza kuti ntchito yonse yoonetsa kulakwa kwake ili pa phewa la boma. Boma likamaliza kuitana mboni zake, khoti limayamba laona ngati munthuyo ali ndi mlandu woti ayankhe, ndipo ngati umboni uli wosakwanira amamasulidwa pomwepo osalankhula kalikonse. Umboni ukakhala kuti ulipo, pamabwera funso lachiwiri: kodi kuzenga mlanduwu kukomera anthu? Apa amayang'ana kukula kwa cholakwacho, mmene wodandaula wapwetekedwera, msinkhu wa wolakwa, ngati anachita mokonzekera, ngati anapalamulapo kale, ndi maganizo a wodandaula. Maganizo anu, monga banja, amalowa pa funso lachiwirili. Amamveka ndipo ayenera kulemekezedwa, koma sangathetse okha nkhani yonse, makamaka cholakwacho chikakhala chachikulu. Pa ana amene alakwira malamulo, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limalimbikitsa kuti pa milandu ing'onoing'ono mwana awongoleredwe kunja kwa khoti, ndipo ichi ndi chitsanzo cha pamene kusazenga mlandu ndiko kumakomera dziko.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri koma imanyalanyazidwa. Woimira boma ali ngati mlonda wa pachipata cha pakati pa polisi ndi khoti, amene amayenera kubweza chilichonse chosayenera kulowa. Munthu akamangidwa ayenera kuonekera m'khoti pasanathe maola 48. Kuyambira mu 2010, lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu linaika malire a masiku amene munthu angasungidwe pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya ku mabwalo a majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira, kugona ndi mwana ndi kuba moopseza, ngakhale khoti lingathe kuwonjezera pang'ono pakakhala chifukwa chomveka. Woimira boma ndiye amadziwa doketi imene yagona, mboni imene sinapezeke ndi munthu amene wakhalitsa pa rimandi, ndipo akakhala chete munthu wosauka amene alibe loya angathe kuiwalika ku Maula kapena ku Chichiri kwa miyezi yambiri. Timakonda kunena kuti mlandu suola, koma mboni zimasamuka, zimaiwala, zina zimamwalira, ndipo amene ali m'chitokosi akuvutika tsiku lililonse. Woimira boma amayeneranso kupereka kwa woimbidwa mlandu umboni umene boma lili nawo kuti akonzekere kudziteteza, osabisa ngakhale mbali imene ikumukomera, ndiponso asamatsutse belo mwachizolowezi chabe pamene palibe chifukwa choopera kuti munthuyo athawa kapena asokoneza mboni. Kwa zaka zambiri anthu osauka ankagwidwa usiku n'kuimbidwa mlandu wa vakabu popanda chimene alakwa, mpaka mu 2017 pamene bwalo lalikulu, pa mlandu umene anabweretsa wogulitsa malonda a Mayeso Gwanda, linagamula kuti mbali ya lamulolo imene apolisi ankaigwiritsa ntchito kwambiri ikutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Milandu yonse ija isanafike kwa majisitireti inkadutsa m'manja mwa oimira boma. Apa ndiye pali kufooka kwa dongosolo lathu, chifukwa wapolisi woimira boma amavala yunifolomu imodzi ndi wapolisi wofufuza, nthawi zambiri amagwirira pa siteshoni imodzi, ndipo pamafunika mtima wolimba kuti abweze doketi ya mnzake kapena ya bwana wake n'kunena kuti umboni mulibe. Alipo amene amachita zimenezi mokhulupirika ngakhale ntchito yawachulukira, ndipo ndimawapatsa ulemu.

Tsopano tibwere ku mlandu wa mng'ono wanu. Malamulo athu sadana ndi kuyanjana. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu limalola khoti kulimbikitsa kuti anthu agwirizane pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa munthu ndi mnzake, monga kumenyana kumene sikunavulaze kwambiri, ndipo likakhutira kuti wodandaula walandira chipepeso lingathe kuimitsa mlanduwo. Koma mwayi umenewu sufika pa milandu ikuluikulu. Kuthyola mkono ndi kugulula mano nthawi zambiri kumatengedwa ngati kuvulaza koopsa, kumene ndime 238 ya lamulo la zilango imati chilango chake chingafike zaka 14 m'ndende. Ngati umenewu ndiwo mlandu umene mnyamatayo akuyankha, wapolisi uja sakanangouthetsa chifukwa chakuti mabanja agwirizana, ndipo ngakhale iye akanafuna kuuchotsa akanayenera kupereka zifukwa zomveka kwa akuluakulu ake ndi kwa khoti.

Mwina mukuona ngati kumeneku n'kuuma mtima, popeza kwa inu chipepeso chinali chenicheni ndipo palibe amene anakukakamizani. Koma lamulo limene likukukanizani inuli ndi lomwelo limene limateteza mtsikana wa zaka 13 amene wagonedwa ndi bambo wachuma wa m'mudzi, pamene amalume ake akufuna kulandira mbuzi ndi ndalama kuti nkhani ithere pakhomo. Ndi lomwelo limene limateteza mayi amene wavulazidwa ndi mwamuna wake, pamene achibale akumuuza kuti akachotse mlandu chifukwa ana adya chiyani. Mlandu ukanakhala wa banja, wandalama akanamagula ufulu wake ndipo waukali akanamaopseza mboni mpaka zitonthole. Woimira boma sangaone za mumtima mwa banja lililonse kuti adziwe amene wakhululuka mwakufuna kwake ndi amene wachita mantha, choncho pa zolakwa zazikulu chisankhocho chinachotsedwa m'manja mwa ovutikawo kuti pasakhale wowapanikiza. Ine ndimagwirizana nalo lamuloli, ngakhale ndikudziwa kuti nthawi zina limalemera kwa mabanja oona mtima ngati lanu.

Dandaulo lanu lokhudza akuluakulu ndi lomveka, ndipo si inu nokha amene muli nalo. Mu 2023 ofesi ya DPP inaimitsa mlandu wa katangale wa mtsogoleri wakale wa dziko lino a Bakili Muluzi, umene unakhala m'makhoti kwa zaka zoposa 10, ndipo mu May 2024 inaimitsanso mlandu wa malemu Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Palibe mwa awiriwa amene khoti linamupeza wolakwa pa milanduyi, ndipo pamaso pa malamulo ndi osalakwa. Mphamvu yoimitsa mlandu payokha ndi yofunika, chifukwa mboni yodalirika ikamwalira, umboni ukapezeka kuti unali wabodza, kapena mlandu ukachedwa moti sungazengedwenso mwachilungamo, pamayenera kukhala wina wotha kunena kuti tilekere pano. Mphamvu yomweyi imapulumutsanso anthu wamba ambiri amene mayina awo samveka pa wailesi. Koma popeza ndi mphamvu yosavuta kuigwiritsa ntchito molakwika, ndime 99 imalamula kuti DPP akaimitsa mlandu kapena akatenga mlandu wa wina, apereke zifukwa zake ku komiti ya aphungu yoona za malamulo pasanathe masiku 10, ndipo komitiyi ingathe kumuitana kuti adzafotokoze. Komanso mlandu ukaimitsidwa munthu asanayambe kudziteteza, boma limakhala ndi miyezi 6 imene lingathe kuubweretsanso.

Funso lake n'lakuti, kodi zotchinga zimenezi n'zokwanira? Kuona kwanga n'kwakuti sizikukwanira. Mkulu woimira boma amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndipo angathe kuchotsedwa ndi mtsogoleri yemweyo pa zifukwa zimene malamulo amatchula, monga momwe zinachitikira mu January 2023 pamene a Steven Kayuni anachotsedwa potsatira kafukufuku wa kumangidwa kwa a Martha Chizuma, amene pa nthawiyo anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB. Amalandiranso malangizo kwa mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, amenenso amasankhidwa ndi mtsogoleri. Munthu wokhala pa mpando wotere, ngakhale atakhala wachilungamo chotani, anthu adzamukayikira nthawi zonse akaimitsa mlandu wa wandale, pokhapokha zifukwa zake zitaikidwa poyera kuti aliyense aziwerenge ndi kuziyeza yekha. Aphungu anaonetsa kuti akulidziwa vutoli pamene mu 2022 anasintha lamulo la katangale ndi kuchotsa chofunika chakuti ACB iziyamba yapempha chilolezo kwa DPP isanazenge munthu mlandu wa katangale, ngakhale kuti mphamvu yoimitsa mlandu inatsalabe kwa DPP popeza imachokera m'Malamulo Oyendetsera Dziko. Ine ndikanakonda kuti pa mlandu uliwonse wokhudza chuma cha boma kapena munthu waudindo, zifukwa zoimitsira zizifalitsidwa kwa anthu onse, osati kungothera m'chipinda cha komiti. Munthu wa ku Dedza akauzidwa kuti mlandu wa mng'ono wake ndi wa dziko, ali ndi ufulu wofunsa chimene chachitika ndi milandu ina ya dziko lomwelo.

Izi sizikutanthauza kuti mgwirizano wanu wapita pachabe. Pitani kwa woimira boma uja mukamufunse mwaulemu kuti mnyamatayo akuyankha mlandu uti weniweni, chifukwa ngati lipoti la kuchipatala likuonetsa kuti kuvulalako n'kocheperapo, mlandu ungakhale wina wopepuka, ndipo woimira boma ali ndi udindo woika mlandu wogwirizana ndi umboni, osaukulitsa kapena kuuchepetsa. Mupatseni kalata yosainidwa ndi mabanja awiri pamodzi ndi anyakwawa yofotokoza zimene munagwirizana, komanso malisiti a kuchipatala ndi a mayendedwe, ndipo mupempheni kuti adziwitse khoti. Mnyamatayo akavomera mlandu wake, kupepesa kwake, kubweza kwake ndalama ndi mawu a mng'ono wanu zidzaganiziridwa pa nthawi yopereka chilango, ndipo zingachepetse kwambiri chilangocho, makamaka ngati ndi koyamba kupalamula. Khoti lilinso ndi mphamvu yolamula kuti wolakwa apereke chipukuta misozi kwa wovulala, ndipo lamulo lotere n'lolimba kuposa lonjezo la pakamwa, limene banja lina lingaliiwale mwana wawo akatuluka.

Chimene muyenera kupewa n'kumuuza mng'ono wanu kuti asapite kukhoti kapena akasinthe mawu amene anapereka ku polisi. Mboni imene yalandira chisamani n'kukana kubwera ingathe kumangidwa, kunama utalumbira ndi mlandu paokha, ndipo kulandira ndalama kapena katundu pa pangano lakuti ubise mlandu waukulu kapena usapereke umboni ndi mlandunso. Ndalama za kuchipatala landirani ngati chipepeso, pamaso pa mboni, ndipo kalatayo isalembedwe ngati mukugulitsa umboni. Ngati mukuona kuti woimira boma sakukumverani, sakukuuzani masiku a mlandu, kapena pali wina akupempha kangachepe kuti doketi isowe, kaonaneni ndi mkulu woona za milandu pa siteshoni ya polisiyo, ndipo zikakanika lembani kalata ku ofesi ya DPP ku Lilongwe, kapena ku ACB ngati nkhaniyo ndi ya ziphuphu. Banja la mnyamatayo, ngati lilibe ndalama za loya, liuzeni lipite ku ofesi ya Legal Aid Bureau kuti akalandire uphungu asanavomere kapena kukana mlandu.